Lipoti: kuyerekeza zotsatira za masekondale a boma m'county ya kumudzi ku United States

Zotsatira za mayeso zikangotuluka, funso lofika pamsonkhano wa bodi ya masukulu limakhala limodzi: mwa masekondale athuwa, yabwino ndi iti? Nyuzipepala ya m'deralo imakhala itayankha kale. Yandandalika masukulu kuyambira yapamwamba mpaka yakumchira, makolo ajambula tsambalo n'kumatumizirana pa Facebook, ndipo mphunzitsi wamkulu wa sukulu yotsirizayo akuyenda chozyolika.

Lipoti lino likutsata ntchito yoyerekeza masukulu otere kuyambira pa kusonkhanitsa manambala mpaka pa zimene zimaperekedwa ku bodi. Malamulo, mayeso ndi mabungwe otchulidwa muno ndi enieni. Masukulu anayi, A, B, C ndi D, pamodzi ndi manambala awo, ndi ongoyerekeza, okonzedwa kuti aliyense athe kubwereza masamuwo ndi pensulo.

Zoyamba kudziwa musanagwire nambala iliyonse

Ku United States pafupifupi chigawo (state) chilichonse chimagawidwa m'madera otchedwa county, ndipo sekondale kawirikawiri imayambira giredi 9 kulekeza giredi 12. Ku West Virginia, Florida ndi Maryland masukulu a county yonse amakhala pansi pa ofesi imodzi. West Virginia ili ndi ma county 55, maofesi a masukulu naonso 55. Koma ku Texas kapena ku Nebraska county imodzi imatha kukhala ndi maofesi angapo, iliyonse ndi bodi yake, bajeti yake ndi kalembedwe kake ka zikalata. Zimenezi zimavuta pambuyo pake, monga tidzaonere pa nkhani ya omaliza sukulu.

Lamulo la boma lalikulu lotchedwa Every Student Succeeds Act, mwachidule ESSA, limene linasainidwa mu December 2015 kulowa m'malo mwa lamulo lakale la No Child Left Behind, limafuna kuti mwana aliyense alembe mayeso a kuwerenga ndi masamu kamodzi ali ku sekondale. Mayesowo ndi mlingo wokhozera chigawo chilichonse chimasankha chokha. Choncho sukulu ya tsidya lina la malire a chigawo, ngakhale ili pamtunda wa mphindi khumi, siyerekezedwa ndi yakuno. Mlingowo amautcha proficient. Muno tiziti "kukhoza".

Mawu akuti "kumudzi" nawonso ali ndi muyeso wake. Bungwe la boma losonkhanitsa manambala a zamaphunziro, la NCES, limapatsa sukulu iliyonse nambala ya malo: 41 ndi ya kumudzi koma pafupi ndi tauni yaikulu, osapitirira mailosi 5, 42 ndi ya pakati pa mailosi 5 ndi 25, 43 ndi yakutali kupitirira pamenepo. M'chitsanzo chathu A ili m'tauni ya likulu la county, B ili pa 42, C ndi D zili pa 43. Sukulu D ndi yaing'ono kwambiri moti giredi 7 mpaka 12 ali m'nyumba imodzi.

Apa pali msampha umene ambiri sauona. M'zigawo zimene mayeso a sekondale ndi a pomaliza phunziro la masamu lotchedwa Algebra I, ana amphamvu amalemba phunzirolo ali giredi 8, asanafike n'komwe ku sekondale. Sekondale ya giredi 9 mpaka 12 imatsala ndi amene anachedwa, pamene sukulu ya giredi 7 mpaka 12 ingathe kuwerengeredwa onse. Kufunsa ku ofesi ya chigawo kuti zotsatira za ana a giredi 8 zimapita kuti n'kofunika musanalembe chilichonse. County yathu yapulumuka pamenepa chifukwa mayeso ake a masamu amalembedwa ndi ana onse a giredi 11.

Zotsatira za chaka chimodzi

Chaka chino ku A anakhoza masamu ana 98 mwa 240, kutanthauza 40.8 peresenti. Ku B anakhoza 33 mwa 95, ndiye 34.7 peresenti. Ku C 25 mwa 48, ndiye 52.1. Ku D 6 mwa 22, ndiye 27.3. Mndandanda wa m'nyuzipepala ndi umenewo: C, A, B, D.

Tsono onani kulemera kwa mwana mmodzi. Ku A mwana mmodzi amasuntha zotsatira ndi mapointi 0.4. Ku D amazisuntha ndi mapointi 4.5. Ana atatu a ku D akadwala chimfine sabata ya mayeso, kapena banja limodzi la ana anzeru likasamuka chifukwa fakitale yatseka, sukulu yonse yatsika ndi mapointi oposa 13 mphunzitsi asanasinthe kalikonse m'kalasi.

Kugwedezeka kumeneku kumayezeka. Tengani gawo la okhoza, lichulukitseni ndi gawo la olephera, gawani ndi chiwerengero cha ana, kenaka pezani sikweya ruti ya yankholo. Mukachulukitsa ndi 1.96 mwapeza mpata umene nambala ya sukuluyo ingayendemo mwamwayi chabe. Ku A mpatawo ndi mapointi 6.2 mbali zonse, ndiye sukuluyo ili pena pake pakati pa 35 ndi 47. Ku B ndi 9.6, pakati pa 25 ndi 44. Ku C ndi 14.1, pakati pa 38 ndi 66. Ku D ndi 18.6, kuyambira 9 mpaka 46. Mipata inayiyi yalowana yonse, ndipo nambala iliyonse ya pakati pa 38 ndi 44 ikukwanira masukulu onse anayi. Pa ana ochepa ngati a ku D njira ina yowerengera, yotchedwa ya Wilson, imapereka mpata wolondola kuposa iyi, koma nkhani sisintha.

Pamsonkhano sipalephera wina wonena kuti, "Koma tawerenga ana onse, sitinatengeko ena ayi." Zoona. Koma bodi sikufunsa za ana 22 a chaka chino okha. Ikufunsa za sukulu, imene chaka chamawa idzalandira ana ena 22 obadwa m'mabanja ena. Kalasi ya chaka chimodzi ili ngati dzanja limodzi lotapa m'thumba.

Zimenezi zinafufuzidwa kale. Thomas Kane ndi Douglas Staiger, pogwiritsa ntchito zotsatira za masukulu a ku North Carolina, anaonetsa mu 2002 kuti mbali yaikulu ya kukwera ndi kutsika kwa zotsatira za sukulu chaka ndi chaka ndi yosakhalitsa, makamaka m'masukulu aang'ono. Howard Wainer anaonetsa ndi masukulu a ku Pennsylvania kuti aang'ono amachuluka pamwamba pa mndandanda, komanso amachuluka pansi pake. Woyang'ana pamwamba pokha amati sukulu yaing'ono ndiyo mankhwala; woyang'ana pansi pokha amati itsekedwe.

Chinthu china choyang'ana pa chaka chimodzi ndi chiwerengero cha amene analemba. ESSA imafuna ana osachepera 95 peresenti. Tiyerekeze sukulu ya ana 50, alemba 40, akhoza 22. Wogawa ndi 40 apeza 55 peresenti. Koma lamulo limati pogawa mutenge nambala yaikulu pakati pa amene analemba ndi 95 peresenti ya ana onse, ndiye mugawa ndi 47.5 n'kupeza 46.3. Mafayilo a zigawo nthawi zina amakhala ndi manambala onse awiri m'mizati yoyandikana. Wotenga mzati uwu pa sukulu ina ndi mzati winawo pa sukulu inzake wasokoneza lipoti lonse osadziwa.

Kuphatikiza zaka zitatu

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mankhwala a ana ochepa ndi kuwonjezera zaka. Kuyambira zaka ziwiri zapitazo kufika chaka chino, ku A anakhoza 95 mwa 236, 104 mwa 251 ndi 98 mwa 240. Ku B 30 mwa 90, 36 mwa 101 ndi 33 mwa 95. Ku C 19 mwa 45, 17 mwa 52 ndi 25 mwa 48. Ku D 11 mwa 19, 10 mwa 25 ndi 6 mwa 22.

Phatikizani ana, osati maperesenti. Wophatikiza maperesenti a D, 57.9, 40 ndi 27.3, n'kugawa ndi 3 apeza 41.7, chifukwa wapatsa kalasi ya ana 19 mphamvu yofanana ndi ya ana 25. Choyenera ndi 27 mwa 66, ndiye 40.9 peresenti. A yapeza 297 mwa 727, nayonso 40.9. C yapeza 61 mwa 145, ndiye 42.1. B yapeza 99 mwa 286, ndiye 34.6.

Sukulu "yoyamba" ndi sukulu "yotsiriza" za m'nyuzipepala zasiyana ndi pointi imodzi ndi pang'ono. C, imene chaka chino yatamandidwa, chaka chatha inali pa 32.7. Imene yaonekera ndi B: 33.3, 35.6, 34.7, yosasunthika, nthawi zonse pansi pa A ndi mapointi pafupifupi 6. Kusiyana kwa A ndi B ndi 6.3, pamene mpata wa mwayi pa kusiyanako ndi 6.6. Kuli m'mphepete penipeni. Kukanakhala kwa chaka chimodzi tikanakusiya, koma kwabwera katatu kotsatizana, ndiye n'koyenera kukutsata.

Posankha zaka samalani ziwiri. Mu 2020 mayeso a zigawo sanalembedwe chifukwa cha COVID-19, ndipo mu 2021 m'madera ambiri ana olemba anali ochepa. Komanso chigawo chikasintha mayeso kapena mlingo wokhozera, zaka za mayeso akale ndi za atsopano siziphatikizidwa; mumayamba kuwerenga mwatsopano.

Ana amene sukulu imalandira

B ili m'dera la mabanja ogwira ntchito m'mafamu ndi m'fakitale yokonza nyama. Mwa ana ake 286, ochokera m'mabanja osauka ndi 189, kutanthauza 66 peresenti. Ku A ndi 276 mwa 727, ndiye 38 peresenti. Tikagawa magulu awiri, ana osauka a ku A anakhoza 72 mwa 276, ndiye 26.1 peresenti, pamene anzawo a ku B anakhoza 53 mwa 189, ndiye 28.0. Ana osakhala m'gulu la osauka ku A anakhoza 225 mwa 451, ndiye 49.9, ku B 46 mwa 97, ndiye 47.4.

Gulu ndi gulu, masukulu awiriwa ali phewa ndi phewa. Titapatsa B kasakanizidwe ka ana ka ku A, ndiko kuti 0.38 kuchulukitsa ndi 28.0, kuphatikiza 0.62 kuchulukitsa ndi 47.4, tipeza 40.0, pafupi kwambiri ndi 40.9 ya A. Mapointi 6 aja anali a umphawi wa deralo, sanali a kaphunzitsidwe.

Izi zisamveke ngati kupepesera B. Mwana wosauka wa m'county muno, kaya akwere basi yopita ku A kaya ku B, mwayi wake wokhoza masamu ndi wosafika pa mmodzi mwa atatu. Ili ndilo vuto lalikulu, ndipo mndandanda wa masukulu unalibisa.

Nambala ya umphawiyo nayo ili ndi zovuta zake. Kale ankaitenga pa ana olandira chakudya cha kusukulu chaulere, amene banja lawo limapeza ndalama zosapitirira 130 peresenti ya muyeso wa umphawi, ndi olandira chotsika mtengo, mpaka 185 peresenti. Zimenezi zimadalira fomu imene makolo amadzaza, ndipo ana a ku sekondale ambiri sabweza fomuyo chifukwa cha manyazi. Kenaka kunabwera dongosolo la Community Eligibility Provision, lochokera m'lamulo la mu 2010, limene limalola sukulu ya osauka ambiri kudyetsa ana onse kwaulere popanda mafomu. Sukulu yotere imatha kuoneka m'fayilo ngati ana ake onse ndi osauka, pamene inzake yoyandikana nayo ikuwerengabe mafomu. Poyerekeza masukulu gwiritsani ntchito muyeso umodzi pa onse, ndipo wodalirika ndi uja umachokera m'kaundula wa boma wa mabanja olandira chithandizo monga chogulira chakudya cha SNAP.

Ku D kugawa magulu sikutheka bwino. Zigawo zimabisa zotsatira za gulu laling'ono, ndipo malire ake kawirikawiri amakhala pakati pa ana 10 ndi 30 malinga ndi chigawo. Lamulo la FERPA la mu 1974 limateteza zikalata za mwana. Wolemba lipoti akumbukirenso kuti kubisa gulu limodzi n'kusiya chiwerengero chonse ndi gulu linalo n'kungodzinamiza: aliyense achotsera n'kupeza chobisikacho. M'dera limene aliyense amadziwa mwana wa aliyense, "ana atatu olumala, wokhoza palibe" ndi chimodzimodzi kutchula mayina.

Omaliza sukulu: pamene zikalata zimalamula

Nambala imene makolo amaikhulupirira kwambiri ndi ya ana omaliza sekondale, ndipo ndi imene imapindika mosavuta. Kawerengedwe ka boma n'kotere. Mumatenga ana onse amene alowa giredi 9 koyamba chaka chimodzi, kuwonjezera obwera kuchokera kwina pa zaka zinayizo, kuchotsa amene anasamukira kusukulu ina, amene anatuluka m'dziko ndi amene anamwalira. Otsalawo ndiwo nambala yogawira. Pamwamba mumaika okhawo amene alandira dipuloma yeniyeni ya sekondale pa zaka zinayi. Satifiketi ya GED, imene munthu amaipeza polemba mayeso apadera m'malo momaliza sekondale, siwerengedwa. M'dziko lonse nambalayi yakhala pafupifupi 87 peresenti m'zaka zaposachedwa.

C inanena kuti omaliza ake ndi 96 peresenti. Analowa giredi 9 ana 54, anabwera 3, anachotsedwa 7, kutsala 50, ndipo 48 analandira dipuloma. Masamu ake ndi olondola. Nkhani ili pa 7 aja.

Lamulo limati mwana wosamukira kusukulu ina amachotsedwa pokhapokha pali chikalata cholembedwa chotsimikiza kuti walembetsa kusukulu ina yopereka dipuloma, monga kalata ya sukulu yatsopano yopempha fayilo yake. Mawu apakamwa sakwanira. Mafayilo asanu ndi awiriwo atatsegulidwa mmodzimmodzi, atatu anali ndi makalata otere. Mwa anayi otsalawo, awiri anali ndi kapepala kolembedwa ndi mlembi wa sukulu kuti "mayi ake anaimba foni, akuti asamukira kwa agogo". Mmodzi analowa maphunziro a GED, amene samuchotsa mwana m'kaundula. Wachinayi analembedwa kuti akuphunzira kunyumba, koma kalata ya makolo yodziwitsa zimenezo munalibe. Anayiwa akabwerera m'nambala yogawira, 48 mwa 54 ndi 88.9 peresenti.

Nthawi zambiri si chinyengo. Kusukulu yaing'ono mlembi ndi mmodzi, ndiye wolandira alendo, woyankha foni, wolemba ojomba, ndipo posankha nambala ya chifukwa chochokera pa kompyuta amasankha imene yamveka ngati yoyenera. Amamudziwa mwanayo, amawadziwa agogo akewo, kalata akuiona ngati yosafunika. Koma mapointi 7 asuntha pa zimenezo. Ndiye kutsegula mafayilo kuchitike pa masukulu onse anayi mofanana, osati pa yokhayo imene nambala yake yadabwitsa. Ku A ochotsedwa amakhala makumi angapo, ndipo ntchitoyo imatenga masiku, osaidumpha.

Palinso njira ina imene nambala imakwerera popanda aliyense kuphwanya lamulo. County ikakhala ndi sukulu yapadera ya ana amene atsalira m'mbuyo, funsani kuti mwana wotumizidwa kumeneko ali giredi 12 amawerengedwa kuti. Ngati amawerengedwa kusukulu yapaderayo, sekondale imene imatumiza ambiri imaoneka yoyera. A ili m'tauni momwe muli sukulu yapaderayo. D ili kutali moti siingatumizeko aliyense, imasunga ana ake onse. Lipoti loona limabweza mwana aliyense kusukulu imene anachokera n'kuwerenganso. N'kwabwinonso kuika pambali nambala ya zaka zisanu, chifukwa ana ofika m'dzikolo asakudziwa Chingerezi, amene B ili nawo ambiri, kawirikawiri amamaliza chaka chimodzi mochedwa.

ESSA imati sekondale imene gawo limodzi mwa magawo atatu a ana ake kapena kuposerapo samaliza iikidwe m'gulu la zofunika kukonzedwa. Palibe mwa zinayizi imene yayandikira pamenepo.

ACT, SAT ndi AP

ACT ndi SAT ndi mayeso ogwiritsidwa ntchito pofunsira malo ku koleji. Mayeso a ACT amapereka mapointi 1 mpaka 36, a SAT 400 mpaka 1600. M'zigawo monga Alabama ndi Wisconsin ana onse a giredi 11 amalemba ACT kusukulu, ndipo avereji yake ingayerekezedwe. Kumene amalemba ofuna okha, avereji imangokuuzani amene anapita. D ikakhala ndi 22.5 kuchokera kwa ana 8 mwa 22, ndipo A 19.8 kuchokera kwa ana 200 mwa 240, palibe chimene mwaphunzira kupatula kuti ku D analemba okhawo olinga ku koleji. Avereji yotere isalembedwe popanda chiwerengero cha olemba pambali pake.

Za AP, maphunziro a mlingo wa koleji ophunzitsidwa ku sekondale, zimene mayeso ake amapereka 1 mpaka 5, zimakondera sukulu yaikulu. Sukulu ya ana 90 siingatsegule kalasi ya AP ya ana atatu. Masukulu ambiri a kumudzi amadalira maphunziro a koleji ya pafupi amene mwana amatenga akadali ku sekondale. Wowerenga AP yokha alemba ziro pa D pamene ana ake akutuluka ndi makosi a koleji m'manja. Ziwerengedwe zonse ziwiri pamodzi.

Kodi mwana wapita patsogolo bwanji?

Funso la bodi lija, likafunsidwa bwino, ndi ili: sukulu yawonjezera chiyani pa mwana amene inamulandira? Kuyankha kwake kumafuna zotsatira za mwana yemweyo ali giredi 8. Zigawo zili ndi njira ziwiri zodziwika. Ku Tennessee kuli TVAAS, yochokera pa ntchito ya William Sanders, ndipo North Carolina, Ohio ndi Pennsylvania amatsata njira yofanana nayo. Ku Colorado kunayambira njira ya Damian Betebenner, imene imayerekeza mwana ndi anzake a m'chigawo chonse amene anali ndi zotsatira zofanana ndi zake m'mbuyomo, n'kumupatsa nambala ya pakati pa 1 ndi 99. Mwana wa 70 wapita patsogolo kuposa anzake 70 mwa 100 amene ananyamukira malo amodzi. Ya sukulu imakhala nambala yapakatikati ya ana ake, ndipo 50 ndiyo ya masiku onse.

Pa zaka zitatu A yapeza 48, B 56, C 50, D 47. Apa B ndiyo ili patsogolo, zogwirizana ndi zimene magulu aja anaonetsa. Komabe musapange mndandanda watsopano ndi manambala amenewa. Nawonso amagwedezeka pa ana ochepa, kuposanso aja a okhoza. Pakati pa giredi 8 ndi giredi 11 pali zaka zitatu, ndipo mwana amene anasiya sukulu ali giredi 10 salowamo, choncho sukulu imene imataya ana ofooka imaoneka ngati ikuphunzitsa bwino. Ana ongofika kumene alibe zotsatira za giredi 8, nawonso salowamo. Ku B amenewa ndi ambiri. Lembani nthawi zonse kuti nambalayo yachokera kwa ana angati mwa angati.

Zimene mayeso sanena

Manambala a D akutsika: 57.9, 40, 27.3. Pa ana 19 mpaka 25 zimenezi zingakhale mwayi chabe, koma pa sukulu yotere pali funso limodzi losavuta kufunsa: akuphunzitsa masamu ndani? Ku D mphunzitsi wa masamu ndi mmodzi, kuyambira giredi 7 mpaka 12. Amene analipo anapuma pantchito zaka ziwiri zapitazo. Malo ake anakhala teremu yonse opanda munthu, kenaka anaikapo mphunzitsi wa sayansi amene alibe chilolezo chophunzitsa masamu. Physics ndi calculus ana amaphunzira pa intaneti m'chipinda cha mabuku. Ku A aphunzitsi a masamu alipo asanu ndi atatu, mmodzi akachoka kalasi simva. Sitinganene kuti kuchoka kwa mphunzitsiyo ndiko kwatsitsa zotsatira, koma tinganene motsimikiza kuti ana a ku D alibe mphunzitsi woyenera wa masamu, ndipo zimenezo sizifuna mayeso kuti zikonzedwe.

Kujomba nakonso kuwerengedwe. Mwana amatchedwa wojomba mopitirira muyeso akaphonya 10 peresenti ya masiku a sukulu pa chifukwa chilichonse, ndiye masiku 18 pa chaka cha masiku 180. Maofesi ena a kumudzi, monga ambiri a ku Colorado ndi Missouri, amaphunzitsa masiku anayi pa sabata, ndipo kumeneko malirewo amafika msanga. Yerekezani maperesenti, osati masiku. Kumudzi chifukwa chake nthawi zambiri ndi mtunda. Basi imadutsa kamodzi m'mawa, woiphonya waphonya tsiku lonse, ndipo kukaonana ndi dokotala wa mano kumadya tsiku lathunthu.

Zoperekedwa ku bodi

Lipoti silinapereke mndandanda wa woyamba ndi wotsiriza. Sukulu iliyonse inapatsidwa tsamba lake: zotsatira za zaka zitatu zophatikizidwa, mpata wa mwayi pambali pake, magulu a ana pamene malamulo alola, omaliza pa zaka zinayi ndi zisanu mafayilo atatsimikizidwa, kupita patsogolo kwa ana, kujomba, ndi maphunziro amene alipo ndi amene palibe.

Pa masamu, bodi inauzidwa kuti A, C ndi D sizingasiyanitsidwe, ndipo B ikufanana nazo tikaganizira ana amene imalandira. Nambala ya omaliza ya C inakonzedwa kukhala 88.9, ndipo masukulu onse anapatsidwa fomu imodzi yochotsera mwana m'kaundula, yosainidwa ndi mlembi ndi mphunzitsi wamkulu, kalata ya sukulu yolandira italumikizidwa kumbuyo. Mafayilowo aziyang'anidwa kumapeto kwa teremu iliyonse, mwanayo akadapezeka, osati pakatha zaka zinayi. Za D, pempho linali lakuti mphunzitsi mmodzi wa masamu wa ku A azipitako masiku awiri pa sabata kufikira malowo atadzazidwa. Za ana osauka, amene akukhoza 26 mpaka 28 peresenti ku A ndi ku B, ntchito yotsatira ndi kutenga zotsatira zawo za giredi 8 n'kuona ngati amafika ku sekondale atatsalira kale kapena amatsalira atafika.

Bodi inachenjezedwanso pasadakhale za chaka chamawa. Zaka zitatu zikasuntha, chaka cha 11 mwa 19 chidzatuluka m'kawerengedwe ka D. Tinene kuti kalasi ikubwerayi idzakhoza 9 mwa 22, kukwera kuchoka pa 27.3 kufika pa 40.9. Zaka zitatuzo zidzakhala 25 mwa 69, ndiye 36.2 peresenti, kutsika ndi mapointi pafupifupi 5 m'chaka chimene sukuluyo yachita bwino kuposa chapita. Tsamba la D lizionetsa manambala onse awiri moyandikana, ndi chiwerengero cha ana pansi pa iliyonse.